KALI KOKHA N'KANYAMA: ANA A M'TCHIRE NDI ANA A NKHONDO YA MLOZI KU KARONGA

Mitundu yambiri ya anthu ili ndi nthano ya mwana woleredwa ndi zilombo. Aroma akale ankati mzinda wao wa Rome unayambidwa ndi mapasa, Romulus ndi Remus, amene anayamwa bere la mmbulu. Ngakhale anthu ophunzira nkhaniyi inawakola. M'chaka cha 1758 katswiri wa ku Sweden, Carl Linnaeus, polemba mndandanda wa zolengedwa, anasiya malo a munthu wina amene anamutcha Homo ferus, ndiye kuti munthu wa m'tchire, nati munthu ameneyo amayenda ndi miyendo inai, salankhula, ndipo ali ndi ubweya thupi lonse. Nthano zoterezi zimakoma m'khutu. Koma wophunzira mbiri ali ndi funso limene wanthano salifunsa: kodi mwanayo asanakumane ndi mmbulu anali m'manja mwa yani, nanga anachokamo bwanji? M'nkhani ino ndifuna kusonyeza kuti tikalondola funso limeneli, mapazi amene tiwapeza m'njiramo ndi a anthu, ndiponso kuti mbiri ya boma la Karonga ikutiphunzitsa zimenezi momveka kuposa nthano za kutali.

Tiyambe ndi mwana amene mbiri yake inalembedwa bwino koposa onse. M'mwezi wa January 1800, m'dera la Aveyron ku France, mnyamata wa zaka ngati 12 anatuluka m'nkhalango nalowa m'mudzi wa Saint-Sernin, ali wosabvala ndiponso wosalankhula. Anthu anali atamuonapo kale akukumba mizu ndi kutola zipatso za m'thengo. Anamutengera ku Paris, kumene sing'anga wachinyamata, Jean Itard, anamutcha Victor ndi kumuphunzitsa zaka zisanu. Victor anaphunzira kubvala, kudyera patebulo, kuzindikira malembo ena, ndi kukonda mai amene ankamusamala, Madame Guérin. Koma kulankhula kunamukanika, kupatula timau tiwiri kapena titatu, mpaka pamene anamwalira mu 1828. Chimene ambiri amachilumpha posimba nkhaniyi ndi ichi: pakhosi pa mwanayo panali chipsera chachitali, ndipo Itard mwini wake anaona kuti chinali chonga cha mpeni. Nkhalango inalandira mwana amene munthu wina anayesa kumupha.

Nkhani zina zotchuka zinagwa pamene anthu anazifufuza. Mu 1920 mbusa wina wa ku Midnapore ku India, Joseph Singh, anati anapeza atsikana awiri m'dzenje la mimbulu, nawatcha Amala ndi Kamala. Amala anamwalira mu 1921, Kamala mu 1929, ndipo kwa zaka zambiri mabuku a maphunziro ankasimba za iwo monga zoona. Koma dotolo wa ku France, Serge Aroles, atasanthula makalata akale, anasindikiza buku mu 2007 losonyeza kuti nkhani ya mimbuluyo inali yopeka, yokopera ndalama ku nyumba ya ana amasiye. Kuno ku Africa zinachitikanso. Mu 1976 manyuzipepala analemba za mnyamata wa ku Burundi, wotchedwa John, amene ankati analeredwa ndi apusi. Akatswiri awiri a ku America, Harlan Lane ndi Richard Pillard, anapita komweko nalondola mbiri yake m'makaundula a zipatala. Anapeza kuti anali mwana wamasiye amene matenda anamuononga ubongo akali wamng'ono, ndipo anakulira m'nyumba za ana amasiye ndi m'chipatala; m'tchire sanakhalemo. Ngakhale John Ssebunya wa ku Uganda, amene akuti anapezeka pakati pa apusi cha m'ma 1991, nkhani yake imayambira pakhomo: akuti anathawira kuthengo ataona atate ake akupha amai ake.

Tsono taonani, awerengi anzanga, kuti paliponse pamene pali mwana wa m'tchire pali mpeni, umasiye, matenda kapena nkhanza zimene zinatsogola. Ngati zili choncho, wofuna kumvetsa ana oterewa asayambe ndi kufunafuna mimbulu. Ayambe ndi kufunsa kuti mudzi umasunga bwanji ana ake, ndipo chimachitika n'chiyani pamene mudziwo waphwasuka. Mafunso onse awiriwa ali ndi mayankho ake ku Karonga.

Chigwa cha Karonga chili pakati pa nyanja kum'mawa ndi mapiri kumadzulo, ndipo kumpoto mtsinje wa Songwe ndiwo malire athu ndi Tanzania. Kumeneko Angonde anakhala zaka mazana angapo pansi pa mfumu yao yaikulu, Kyungu, amene likulu lake lakale linali pa phiri la Mbande. Mbiri ya ufumu umenewu anailemba ndi Owen Kalinga m'buku limene linatuluka mu 1985. Alendo oyamba a ku Ulaya amene anafika kumutu kwa nyanja cha m'ma 1870 anazizwa ndi midzi yosesedwa bwino, yobisika m'minda ya nthochi, ndi ng'ombe zonenepa zogona m'makola aukhondo. Koma chodabwitsa chachikulu chinali kaleredwe ka ana aamuna. Godfrey ndi Monica Wilson, amene anafufuza za Anyakyusa a kutsidya kwa Songwe ndi abale ao Angonde pakati pa 1934 ndi 1938, analongosola mwambo wa midzi ya anyamata. Mnyamata ankayamba kuweta ng'ombe za atate ake ali ndi zaka ngati zisanu ndi chimodzi. Akafika zaka 10 kapena 11 ankaleka kugona kwa makolo, ndipo pamodzi ndi anzake a msinkhu umodzi ankamanga timanyumba tao kumphepete kwa mudzi. Timanyumbato m'kupita kwa zaka tinkasanduka mudzi weniweni, anyamata aja atakwatira ndi kulandira malo ao.

Mlendo wosadziwa akanati ana awa atayidwa. Koma ai. Masana ankalima m'munda wa atate ao, ndipo pa nthawi ya chakudya ankayenda kagulu, lero kudya kwa amai a uyu, mawa kwa amai a uyo. Kudya wekha chinali chinthu chochititsa manyazi. Monica Wilson anatcha buku lake la mu 1951 Good Company pofuna kumasulira mau a Chinyakyusa akuti ukwangala, kutanthauza kucheza ndi kukondwa pamodzi ndi anzako. Anthu amenewa ankakhulupirira kuti nzeru, ulemu, ukhondo, ngakhale luso la kuyankhula pa mlandu, munthu amazitola pocheza ndi anzake, ndipo wodzipatula ankamukayikira. Ife Achewa timanena zomwezo mwachidule: kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tianthu. Kotero mnyamata wa Chingonde ankagona kutali ndi makolo koma sanali yekha ngakhale tsiku limodzi. Umunthu wake unkaumbidwa ndi maso ambiri ndi manja ambiri.

Tsopano tione m'mene zinthu zotere zimaphwasukira. Mu 1884 kampani ya African Lakes, imene makolo athu ankaitcha Mandala, inatsegula sitolo ku Karonga, woyang'anira wake ali Monteith Fotheringham. Sitoloyo inali poyambira pa mseu wa Stevenson wopita ku nyanja ya Tanganyika, ndipo inkagula minyanga ya njobvu. Malonda amenewa anakopa amalonda a Chiswahili, amene anthu ankawatcha Aluya, ochokera kuchigwa cha Luangwa. Wamkulu wao anali Mlozi, amene anamanga linga ku Mpata pafupi ndi mtsinje wa Rukuru, ndipo anzake Kopakopa ndi Msalema anamanga malinga ao chapafupi. Poyamba anabwera monga alendo opempha malo. Koma mlendo wa mfuti sachedwa kusanduka mwini mudzi. Mikangano ya chakudya ndi ya malo inakula, mfumu ina ya Angonde inaphedwa, ndipo Mlozi anakokera kumbali yake Ahenga ena amene anali atathawa nkhondo ya Angoni nalandiridwa m'dziko la Angonde. Mu 1887 midzi inayamba kupsa, ndipo Mlozi anadzitcha Sultani wa dzikolo.

M'mwezi wa October chaka chomwecho, Angonde ambiri, amuna, akazi ndi ana, anathawira m'mabango a dziwe la Kambwe, m'mphepete mwa nyanja kumpoto pang'ono kwa Karonga. Inali nyengo ya chilimwe, mabango ali gwaa kuuma. Monga analembera Fotheringham m'buku lake la mu 1891, ankhondo a Mlozi anazinga malowo nayatsa moto. Othawira kumtunda anakumana ndi mfuti ndi mikondo, othawira m'madzi anakumana ndi ng'ona, ndipo akazi ndi ana amene anagwidwa amoyo anatengedwa ukapolo. Tiyenera kukumbukira kuti amene analemba zimenezi anali anthu a kampani, amene ankafuna kuti boma la Britain liwathandize pa nkhondo yao, ndipo olemba mbiri a pambuyo pake atikumbutsa kuti mkanganowo unalinso wolimbirana malonda a minyanga. Komabe kuti midzi inatenthedwa ndi kuti anthu anagwidwa, palibe amene amatsutsa.

Nkhondoyo inatenga nthawi. Mu November 1887 sitolo ya Karonga inazingidwa masiku asanu, ndipo amene anali m'katimo anapulumuka chifukwa Anyakyusa zikwi zingapo anabwera kudzawalanditsa. Mu June 1888 Frederick Lugard, amene pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Nigeria, analasidwa ndi chipolopolo manja onse awiri pofuna kukwera linga la Kopakopa. Harry Johnston anapangana mtendere ndi Mlozi mu October 1889, koma mtenderewo unangopatsa mpata malinga kuti akule. Pa masautso amenewa panaonjezeka mliri wa ng'ombe umene unafika kumpoto mu 1892 ndi kupululutsa makola. Potsiriza, mu December 1895, Johnston anabwera ndi asilikari a Chisikh ochokera ku India, asilikari a kuno, ndi mizinga. Linga la Mpata linagwa, Mlozi anapezeka atabisala m'chipinda cha pansi pa nthaka, anaweruzidwa pamaso pa mafumu a Angonde, ndipo ananyongedwa pa 4 December. Johnston analemba kuti akapolo 569 anamasulidwa.

Mabuku a sukulu amathera pamenepa, pa mtengo umene Mlozi anapachikidwapo. Koma nkhani yathu ndi ya ana, ndipo iyo ikungoyamba kumene. Zaka zisanu ndi zitatu n'zokwanira kuti mwana amene anagwidwa ali kumsana akule osadziwa dzina la mudzi wao. Ogula akapolo ankakonda akazi ndi ana pa zifukwa zodziwika. Mwamuna wamkulu amadziwa njira ya kwao, amatha kuthawa ndiponso kubwezera. Mwana samatha. Amadya pang'ono, amaopa msanga, ndipo koposa zonse amaiwala. Ena mwa ogwidwawo ankaoloketsedwa nyanja pa Chilumba, pamene Azungu ankati Deep Bay, ndi kuyamba ulendo wautali wa ku Kilwa. Ena ankangogulitsidwa mudzi ndi mudzi, kusinthanitsidwa ndi nsalu, wonga kapena mnyanga, ndipo mbuye watsopano ali yense ankapereka dzina latsopano. Mwana wotere anali pakati pa anthu usana ndi usiku, koma panalibe ndi mmodzi yemwe womutcha mwanangu, mphwanga kapena mdzukulu wanga. Ankawerengedwa pamodzi ndi mbuzi ndi mitolo ya nsalu. Thengo lake iye linali anthu achilendo.

Kuti timve m'mene zinkakhalira m'mtima mwa mwana, tiyende ndi mseu wa Stevenson kuchoka ku Karonga kufika kumapeto ake ena, m'dziko la Amambwe kufupi ndi Mbala ku Zambia. Wolemba mbiri Marcia Wright, m'buku lake la mu 1993 lonena za akapolo ndi akazi a m'dera la pakati pa nyanja ziwirizi, anasindikiza mbiri ya mai wina wodziwika ndi dzina lakuti Meli, monga anaisimbira yekha atakalamba. Makolo ake anamutcha Mwenya. Akali kamtsikana, ankhondo a Chibemba anathira nkhondo mudzi wao namugwira. Anadutsa m'manja mwa ambuye angapo, akusinthidwa maina, mpaka anafika kwa amalonda a ulendo wa kugombe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 akuluakulu a boma la atsamunda anaugwira ulendowo, ndipo mwanayo pamodzi ndi anzake anaperekedwa kwa amishoni a London Missionary Society ku Kawimbe. Kumeneko analandiranso dzina lina, Mary, limene pakamwa pa anthu linasanduka Meli. Abale ake anadzamupeza patapita zaka, iye atakula kale m'manja mwa eni. Onani kuti ngakhale omuombola anachita chimene omugula ankachita: anamutcha dzina la kukonda kwao. Ufulu unabweza thupi lake, koma ubwana wa Mwenya sunabwerere.

Komabe pali kusiyana kwakukulu pakati pa Meli ndi Victor, ndipo kusiyanako kukutiphunzitsa kanthu. Meli anakula, anakwatiwa, anabala ana, nakhala mai wolemekezeka wotha kusimba mbiri yake. Victor anafa wosasimba kanthu. Chifukwa chake n'chiyani? Meli anagwidwa atayamba kale kulankhula, ataberekedwa kale kumsana, atadya kale m'mbale imodzi ndi anzake. Mwana amene ali ndi chinenero chimodzi angathe kuchitaya ndi kutola china, monga munthu wosintha chobvala. Koma amene sanamve mau a munthu pa zaka zoyamba alibe pomangira. Mu 1967 katswiri wina, Eric Lenneberg, anaphunzitsa kuti ubongo wa mwana uli ndi nyengo yake yolandirira chinenero, ndipo nyengoyo ikapita khomo limayamba kutsekeka. Za Victor akatswiri amatsutsanabe, ena nati anabadwa ndi chilema cha ubongo ndipo n'chifukwa chake anatayidwa. Koma umboni wina woopsa unachokera ku Romania. Boma la Nicolae Ceausescu litagwa mu 1989, kunapezeka ana oposa 100,000 m'nyumba za boma, ambiri akungogona m'timabedi popanda wowanyamula kapena wowalankhula. Michael Rutter ndi anzake analondola ana ena amene anatengedwa ndi mabanja a ku Britain. Amene anachotsedwamo asanakwanitse miyezi isanu ndi umodzi anakula pafupifupi ngati ana ena onse, koma ambiri mwa amene anakhalitsamo anatsala ndi mabvuto a nzeru ndi a kakhalidwe mpaka ukulu. M'nyumba zimenezo munali denga ndi chakudya chochepa; munalibe ukwangala. Akuluakulu athu sananame pamene anati m'mera m'poyamba.

Nanga n'chifukwa ninji dziko limakonda nthano ya mmbulu kuposa mbiri ya Meli? Ine ndiganiza kuti nthano ya mmbulu ilibe wolakwa. Tikanena kuti mwana analeredwa ndi apusi, maso onse amapita kwa apusiwo, ndipo timayamba kufunsa zimene ankadya ndi m'mene ankakwerera mitengo. Palibe amene amaitanidwa kubwalo. Koma tikanena kuti mwana anagwidwa pa Kambwe, tiyenera kutchula amene anayatsa moto, amene anagulitsa wonga, amene anagula mnyanga, ndi amene anaimba piyano ya makiyi a mnyangawo ku Ulaya. Tiyeneranso kubvomera kuti ogwira ndi ogulitsa ambiri anali akuda anzathu. Ndiponso nthano ya munthu wa m'tchire inali yothandiza kwa atsamunda, pakuti inkagwirizana ndi chithunzi chimene ankafuna kupereka cha Africa, dziko limene ankati munthu ndi nyama n'zoyandikana. Koma zolemba za alendo ao omwe zikusonyeza kuti kumutu kwa nyanja anapeza anthu odziwa kulera ana mwadongosolo, ndipo chimene chinabalalitsa anawo ndi malonda a mfuti ndi minyanga amene mizu yake inali ku Zanzibar, ku Bombay ndi ku London.

Lero malinga a ku Mpata anagwa, ndipo mbiri yao mlendo angathe kuiona m'nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga imene inatsegulidwa mu 2004. Koma njira zopangira mwana wa m'tchire sizinathe ndi Mlozi. Mliri wa Edzi wa m'zaka za m'ma 1990 unasiya ana amasiye ochuluka m'dziko muno, ndipo chimene chinapulumutsa ambiri ndi chomwe chija chakale: agogo, azakhali ndi amalume amene anafutukula mphasa nati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pamene ubale umenewu wafooka, ana amapezeka akugona m'makhonde a masitolo m'mizinda yathu. M'midzi ina mwana wobadwa ndi chilema cha ubongo, kapena wosamva, amatsekeredwa m'nyumba anthu akapita kumunda, poopa manyazi. Ndipo ku Karonga komweko, monganso m'maboma ena, kwamveka kawirikawiri nkhani za ana onenedwa kuti ndi afiti, ngakhale lamulo la mu 1911 linaletsa kutchula munthu mfiti, ndipo lamulo la mu 2010 losamalira ndi kuteteza ana linaika udindo pa makolo ndi pa boma. Mwana amene mudzi wamutcha mfiti anzake amamuthawa, palibe womuitana kudzadya, ndipo sachedwa kuyamba kulankhula yekha ndi kuopa anthu. Pamenepo omunenera aja amaloza khalidwe lakelo nati, mwaona, tinanena ife.

Uku ndiko kuzungulira kumene mbiri ikutichenjeza. Timayamba tamutaya mwana, kenaka zipsera za kutayidwako timazitenga ngati umboni wakuti sanali munthu chiyambire. Anatero ndi Victor, anatero ndi John wa ku Burundi, ndipo ogula akapolo anatero ndi ana amene anawalanda maina. Angonde akale anadziwa mankhwala ake asanabwere madotolo a ubongo: mwana asadye yekha. Lamulo limeneli silifuna ndalama za kunja kapena chilolezo cha boma. Lifuna kuti pa nthawi ya nsima wina aponye maso pabwalo, awerenge ana, ndipo akaona kuti mmodzi palibe, anyamuke akamufune.